Gadiyani wa Mudzi Wonse

Achemwali anga sankadwala. Sindikunena kuti thupi lawo linali lachitsulo ayi, malungo ankawagwira monga munthu wina aliyense, koma iwo sankawawerengera. Ankameza mapiritsi ali chiimire, n'kusenza dengu, ulendo wakumunda. Kwathu ku Yofu kudwala kunali kwa anthu ena, ndipo ntchito ya achemwali inali yowaperekeza anthuwo.

Ine ndi amene ndinawaponda pamutu. Iwo anali odekha, osakonda kuyankhula zambiri, pamene ine ndinabadwa ndi pakamwa potentha. Malemu mayi athu ankati Mulungu anagawa bwino, wamkulu anampatsa manja, wamng'ono anampatsa mlomo. Sankanama. Mpaka lero kumsika wa ku Chipyela, kumene ndimagulitsa tomato ndi usipa, palibe amene amafuna kuyambana nane.

Pachilumba pano pa Likoma chipatala chilipo ndipo chimatithandiza, koma matenda akakula amakutumiza kumtunda, ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu. Kupita kumeneko si nkhani yodzuka n'kukwera minibasi. Umadikira sitima, imene masiku amenewo inkabwera kamodzi pa sabata, ndipo wodwala sapita yekha. Pamafunika gadiyani, munthu woti akamuphikire, akamusambitse, akamuchapire, n'kumagona pamkeka pafupi ndi bedi lake. Ntchito imeneyi si ya aliyense. Ena nyanja ikangowinduka amasanza kuposa wodwalayo. Ena akaona dokotala lilime limauma, n'kubwerako osadziwa n'komwe kuti m'bale wawo akudwala chiyani.

Achemwali anayambira pa apongozi awo, kenako amuna awo, amene anatsirizikira konko. Ana awo atakula n'kubalalikira kumtunda kukagwira ntchito, iwo anatsala okha pakhomo, ndipo anthu anazolowera kuwagogodera. Ankabwera a ku Yofu konkuno, a ku Mbungo, ngakhale a kutsidya ku Kobwe amene sankadziwa kuti ku Mzuzu amalowera pati. Achemwali sankakana. Anali ndi dengu lawo la ulendo limene silinkamasulidwa, muli timapoto, beseni, mkeka ndi zitenje zakale zong'ambira wodwala. Ankangowonjezeramo ufa wa kondowole ndi usipa wouma, basi anyamuka. Manesi a kumeneko ankawadziwa, ankawatchula kuti amayi a ku Likoma.

Akabwerako, tinkakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasenda chinangwa, iwo akundisimbira za ulendowo. Ndipo wodwala aliyense ankabwera ndi chifukwa chake. Bambo wa chifuwa uja ankasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata. Wa mimba yotupa uja, kachasu. Wa shuga uja ankathira masupuni osawerenga mu tiyi. Amayi a khansa ya m'mawere anaperekezapo angapo, ndipo nawonso anali ndi zifukwa zawo. Wina ankasunga foni m'kamisolo. Wina anagwira ntchito m'tauni, mwana wake anakulira botolo. Wina zinali zakumtundu, azakhali ake anapita nazo zomwezo.

Sankanena monyoza ayi. Munthu amene wapukuta masanzi a mnzake sanyoza. Ankangonena ngati mmene munthu amanenera kuti denga la uje linagwa chifukwa cha chiswe. Ndipo ine nkhani zimenezi zinkandikomera, ndisaname. Ndikamva chifukwa, ndinkadziyang'ana ndekha, n'kupeza kuti fodya sindisuta, kachasu sindimwa, ana ndinayamwitsa, ndiye mtima unkakhala pansi. Pamaliro tonse timati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Timanena ndi pakamwa chabe. Mumtima timakhala tikufufuza chimene mnzathuyo ankachita, chimene ife sitichita, ndipo tikachipeza timabwerera kunyumba n'kukadya bwinobwino.

Ndinazitulukira mmawa wina kudooko la amayi, kumene timasamba ndi kuchapa. Panali patapita nthawi ndikuona kuti achemwali akusamba atatembenukira kumiyala, chitenje chili m'khosi. Ndinawaseka.

"Mukubisa chiyani, achemwali? Mwapeza chibwenzi paukalamba?"

Sanaseke. Ndinatenga mwala wokhulira kuti ndiwatsuke kumsana monga tinkachitira kuyambira tili atsikana, ndipo pokweza mkono wawo wamanzere chitenje chinatsetsereka. Khungu la bere linali litakwinyika ngati khoko la lalanje. Ndinagwirapo asanandiletse. Munali chinthu cholimba, chosasuntha.

"Ichi n'chiyani?"

"Mwanabere."

"Mwanabere amatuluka m'khwapa, osati apa."

"Iwe udokotala unaphunzira liti?"

"Chayamba liti?"

Anazengereza, kenako anati nthawi ya mango. Apa n'kuti mango atatha kalekale, mvula italekeza, udzu ukuyamba kuuma. Ndinawakumbutsa za amayi amene iwo eni anawaperekeza, kuti nawonso zinayamba chonchi. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Usandifanizire ndi anthu aja iwe. Ine ana anga onse ndinayamwitsa mpaka akuyenda, wina mpaka akundiluma. Foni yanga imakhala m'dengu, umadziwa. Kumtundu kwathu unamvapo ndani? Amayi? Agogo? Ndiye chibwere kwa ine chidzatani?"

Ndinakalipa mpaka amayi ena amene ankachapa chapatali anatembenuka. Achemwali anamanga chitenje mwakachetechete, n'kunena kuti ndisawachititse manyazi pagulu, apita. Ndinati tipite lero lomwe kuchipatala cha pachilumba. Anati kumeneko akangowatumiza kumtunda basi, njira akuidziwa, ndiye palibe chifukwa chodziwitsa chilumba chonse. Adzalowa kuchipatalako kukatenga chilolezo chopitira kumtunda tsiku loti mawa lake akwera. Anati sitima ya sabata yamawa.

Ife a pachilumba tili ndi bodza lathulathu limene anthu a kumtunda alibe, ndipo ndi limeneli, sitima ya sabata yamawa. Limamveka laulemu. Munthu sanakane, wangoti imeneyi ipite, akwera inayo. Ndipo zifukwa sizisowa. Sabata yoyamba chinangwa chinali m'madzi, sichikanasiyidwa kuti chiwolere momwemo. Yotsatira kunali ubatizo wa mdzukulu wa mnansi wathu, iwo ndiwo ankayang'anira zophika. Kenako mwera unayamba, nyanja inakwiya, anati munthu wanzeru sakwera sitima nyengo imeneyi popanda chifukwa. Ndinkamva kulira kwa sitima ndili kumsika, ndinkaiona ikutembenuka, n'kudziwa kuti achemwali ali kumunda.

Poyamba ndinkapita kwawo tsiku lililonse la sitima kukayambitsa ndewu. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kufooka. Sikuti ndinatopa ndi kukangana, ine kukangana sikunditopetsa. Chinandifooketsa n'chakuti ndinkawaona. Ankalima, ankasenza nkhuni kuchokera kuphiri, pa Sabata ankayenda wapansi mpaka kutchalitchi chachikulu ku Chipyela n'kuimba mawu osanjenjemera. Ndinkadzifunsa kuti munthu wamphamvu chonchi angakhale ndi imfa m'thupi? Zifukwa zawo zija zinayamba kundilowa. N'zoona ana anayamwitsa. N'zoona kumtundu kwathu kulibe. Komanso, ngakhale sindinkanena, ndinkaganiza kuti munthu amene wasamalira odwala ochuluka chotere Mulungu sangamuchite zimenezo. Ndinkaona ngati analipiriratu.

Mwera utachepa, kunabwera bambo wina wa ku Mbungo pa ngalawa yake. Mkazi wake anali ndi chotupa m'mimba, madokotala anati akachitidwe opaleshoni ku Mzuzu, ndipo kwawo kunalibe woti amuperekeze, popeza apongozi ake anali okalamba ndipo iye sakanasiya ana ndi ukonde. Achemwali sanadikire n'komwe kuti amalize kupempha. Munthu amene kwa miyezi yonseyi sankapeza sabata yabwino yokwerera sitima, anaipeza tsiku lomwelo.

Ine ndinasangalala. Ndinati Mulungu wayankha, wawakokera yekha kuchipatala. Ndinawasenzera dengu mpaka ku Chipyela, ndipo tikudikira boti lotengera anthu kusitima ndinawagwira dzanja.

"Achemwali, mukupita pakhomo penipeni. Mukaonetse. Lumbirani."

"Akhristu salumbira."

"Ndiye nenani kuti mwamva."

"Ndamva, mayi wamlomo."

Anakhalako pafupifupi mwezi. Ndikaimba foni ankandiuza za wodwala, kuti opaleshoni yatheka, wayamba kumwa phala, wayamba kuyenda pogwira khoma. Ndikafunsa za iwo ankati mzere unali wautali, apita mawa, kenako ankati foni yatha moto. Koma ndinali ndi chikhulupiriro. Ndinkati munthu sangagone mwezi wathunthu m'chipatala, madokotala akumulambalala mmawa ndi madzulo, osatsegula pakamwa.

Tsiku lobwera ndinatseka benchi yanga kumsika n'kupita kukawachingamira. Mayi wa ku Mbungo uja anatsika m'boti ndi miyendo yake, wowonda koma akuseka. Abale ake analulutira, mwamuna wake anagwada pamchenga kuthokoza achemwali. Ine ndinadikira mpaka titalowa m'kanjira ka ku Yofu, anthu atatsalira m'mbuyo, dengu lili pamutu panga.

"Anati chiyani adokotala?"

Anangopitiriza kuyenda.

"Achemwali, ndikufunsa."

"Akanandigoneka, mwana wa eni akanamuphikira ndani?"

"Bodza! Sabata yomaliza ankayenda yekha, munandiuza nokha pafoni."

Anaima pamthunzi wa mlambe, n'kukhala pamwala. Ndinali ndisanawaonepo akupumira panjira imeneyi.

"Ndinapita, iwe. Ndinafika mpaka pakhomo pa chipinda chimene amayezera amayi. Nesi anatuluka, amvekere, aa amayi a ku Likoma, lero mwatibweretsera ndani? Ndinayang'ana amayi amene anakhala pabenchi kudikira. Nkhope zimenezo ndimazidziwa, ndakhala nazo zaka zonsezi. Ndinadziyang'ana ndekha, ndinaona kuti ine sindine mmodzi wa iwo. Ndiye ndinati ndimangodutsa, ndimafuna ndikupatseni moni."

Ndinatula dengu, kapena ndinene zoona, ndinaliponya pansi. Timapoto tinagubuduka m'kanjira. Ndinawauza mawu ambiri, ena oti sindingawalembe pano. Ndinati ndinu wodzikuza, mumaona ngati matenda amakuopani chifukwa mumawadziwa mayina. Ndinati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndinati ngati mwasankha kufa, musadzandiitane. Iwo anangotola timapoto tawo, n'kusenza okha, n'kumapita.

Sitinayankhulane kwa nthawi yaitali. Nyumba zathu n'zoyandikana, utsi wa kukhitchini kwawo ndinkauona, koma ndinkadutsa njira ina. Ndinkaganiza kuti mkwiyo wanga uwaopsa, adzabwera okha kudzati tiye. Nthawi imeneyo imandiwawa kwambiri ndikaikumbukira, chifukwa pamene ine ndinkasunga mkwiyo, chinthu chija sichinkadikira kuti tigwirizane. Ana awo ndinawaimbira, n'zoona, ndipo iwo anaimbira mayi awo, koma anauzidwa kuti mayi anu aang'ono mumawadziwa, amakulitsa nkhani. Anawo anakhulupirira. Ndani safuna kukhulupirira kuti mayi ake ali bwino?

Mango atayambanso kupsa, mmawa wina wa Sabata, mnansi wathu anabwera kudzandiuza kuti achemwali akundifuna. Ndinawapeza atakhala pamphasa, atavala bulauzi ya kutchalitchi mkono umodzi wokha. Mkono wamanzere unali utatupa kuyambira paphewa mpaka kuzala, sunkalowa. M'nyumba munali kafungo kamene ndinakazindikira ndisanaone bala.

"Bwera undimange mpango, mng'ono wanga. Dzanja likukana."

Sindinakalipe. Mlomo wanga wonse uja unathera pomwepo. Ndinawamanga mpango, koma sitinapite kutchalitchi, tinapita kuchipatala cha pachilumba, ndipo kumeneko sanachedwe nafe, anati tikwere sitima yoyamba. Pokonzekera ulendo achemwali anatulutsa dengu lawo lija, n'kuyamba kulongedza ndi dzanja limodzi, ufa, usipa, beseni. Atamaliza anawerama kuti asenze. Ndinawalanda. Anaima pakhomo manja ali lende, osadziwa chochita nawo, ndipo anatuluka m'nyumba mwawo opanda kanthu pamutu.

Ku Mzuzu anawayeza, anawajambula, tinadikira masiku angapo. Dokotala anali wachinyamata, waulemu. Anafunsa kuti chotupacho anachiona liti koyamba, ndipo achemwali ananena zoona zonse, ngakhale za mwezi uja anagona m'chipatala momwemo. Dokotala anayang'ana pansi. Kenako anafotokoza kuti matendawo afalikira m'khwapa ndi m'chifuwa, kuti opaleshoni singathandizenso, koma atipatsa mankhwala ochepetsa ululu, ndipo kunyumba akasamalidwa bwino kuposa m'wodi. Ine ndinali ndi mafunso ambirimbiri, ndinafuna kudziwa ngati ku Lilongwe kapena ku Blantyre sangachite kanthu. Achemwali anandigwira bondo kuti ndikhale chete. Mawu amenewo anali atawamvapo kambirimbiri akunenedwa kwa anthu ena, ndipo ankadziwa tanthauzo lake. Anathokoza dokotala, tinatuluka.

Pobwerera, m'sitima, anagona pamkeka pakati pa matumba a chimanga ndi makatoni a ogulitsa, mutu uli pamwendo panga. Dzuwa linali pamutu, nyanja ili bata. Ndinkaganiza kuti agona tulo, koma anayamba kuyankhula ndi mawu awo aja a ntchito, amene ankalangizira abale a odwala.

Anandiuza zonse zimene zidzachitike, mwandondomeko yake. Anati bala uzilitsuka ndi madzi otentha othira mchere pang'ono, usamanyansidwe pamaso panga, ukafuna kusanza uzituluka panja. Anati idzafika nthawi yoti sindidzatha kudzuka, uzidzanditembenuza pafupipafupi kuti msana usachite zilonda, ndipo anandionetsa pogwira. Anati mankhwala a ululu usamadikire kuti ndilire, uzindipatsa pa nthawi yake. Anati ndidzayamba kukutukwana, usadzasunge kumtima, si ine. Anati alendo akachuluka uzidzawabweza, pakamwa uli napo.

"Koma chachikulu ndi ichi, umvetsetse. Ana abwere tsopano adzandione, kenako abwerere kuntchito, asadzaluze ntchito chifukwa chondilondera. Tsiku limene ndidzakane phala, usadzalimbane nane. Usadzanene kuti mwina mawa adya. Udzawaimbire tsiku lomwelo kuti sitima isawasiye. Munthu akakana phala, masiku amakhala atatsala ochepa. Ndaziona kokwanira."

Ndinati ndamva.

Ana anabwera, analira, anakhala masabata angapo, anabwerera monga mayi awo analamulira. Ndinasamukira m'nyumba mwa achemwali, benchi ya kumsika ndinasiyira mnzanga. Ndipo zonse zinayenda monga ananenera m'sitima muja, osaphonya n'chimodzi chomwe. Bala linakula. Miyendo inafooka. Anandinyoza kuti manja anga ndi olimba ngati a msodzi, kuti sindidziwa kufinya nsalu. Amayi a mumpingo ankabwera kudzaimba, mayi wa ku Mbungo uja ankabwera ndi nsomba, n'kukhala pakhonde kulira. Ena potuluka ankandikokera pambali n'kufunsa monong'ona kuti kodi zinayamba bwanji, kodi kumtundu kwanu ziliko? Ndinkadziwa chimene akufuna, chifukwa inenso ndinachifunapo pansi pa mango paja. Ndinkawayankha kuti kulibe, ndipo ankapita nkhope zitagwa.

Mwera unali utayambanso pamene mmawa wina ndinabweretsa phala, achemwali n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Ndinalawa phalalo. Ndinati mchere wachuluka, n'kukaphika lina. Analikananso. Ndinati ufa umenewu ndi wakale, wayamba fungo, ndipo madzulo ndinaphika la mpunga. Mawa lake ndinathira nsinjiro. Mkuja wake ndinayenda mpaka ku Chipyela kukagula mkaka ndi shuga, ndikudziuza m'njira monse kuti ndi mankhwala awa akuwaphera mkamwa, kuti dzana anamwa tiyi theka la kapu, kuti maso awo akadali owala. Mawu a m'sitima aja sindinaiwale ayi. Ndinkawakumbukira bwinobwino. Koma ndinkati iwo ankanena za odwala ena aja, amene anawaona ku Mzuzu. Awa ndi achemwali anga.

Nditabwera ndinaphika phala la mkaka, losalala, ndinawadzutsa n'kuwatsamiritsa pachifuwa panga. Ndinaika supuni pamlomo. Anatseka mano. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinati kamodzi kokha, chifukwa cha ine. Anakweza dzanja lawo labwino lija, n'kukankha supuni pang'onopang'ono, phala linatayikira pachitenje. Anatembenuza mutu kuti andione. Mawu anali atatsala pang'ono, koma ndinawamva.

"Iwenso?"

Ndinaika mbale pansi n'kutuluka ndi foni. Mwana wawo wamkulu anayankha ali kuntchito ku Lilongwe, anati anyamuka nthawi yomweyo, auza abale ake akumane ku Nkhata Bay. Atafika kumeneko anapeza sitima itanyamuka dzulo lake, ndipo chifukwa cha mwera panalibe mwini boti amene analola kuwoloka. Anagona padoko kudikira, akuimba foni mmawa ndi madzulo, ine n'kumaika foniyo pakhutu pa mayi awo, amene sankathanso kuyankha.

Anafika ndi sitima yotsatira, ndipo ndine ndinawatsogolera kumanda.